Thupi linafika kunyumba, mutu unatsala pa M1

Lachinayi lija

Palibe amene anavulala. Ndiyambire pamenepo, chifukwa ndikamafotokoza nkhaniyi anthu amadikira kumva za magazi, ndipo akamva kuti panalibe amangoti, "Aa, basi thokozani Mulungu," nkhani n'kuthera pomwepo. Mulungu ndinamuthokoza ndipo ndikumuthokozabe. Koma kwa ine nkhaniyi yakana kutha.

Unali mwezi wa Julayi, madzulo, kuzizira kuja kumene zala zimakanika kugwira mabuleki bwinobwino. Ndinaweruka mochedwa chifukwa cha kuchonga, ndinadzera kwa azakhali ake kukatenga mwana wanga wachisamba, n'kumukweza pa kaliyala monga mwa masiku onse. Ali ndi zaka 8. Masana mayi ake anali atandiimbira kuti mchere watha, ndigule paketi pobwera.

Tikufika pakati pa Ntcheu boma, kutsogolo kwanga kunaima minibasi, theka pa tala theka kunja, chitseko chili pululu, oitanira akulimbirana dengu la mayi wina. Kumanzere kwake kunali milu ya kabichi ndi zidebe za kachewere mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu. Podutsa panalibe. Ndinacheuka, ndinaona nyali za galimoto yaikulu zili patali ndithu, mumtima ndinati ndikwanitsa, n'kulowa m'kati mwa msewu kuti ndiilambalale minibasi ija.

Hutala inalira ndili pa chitseko cha dalaivala. Sindinaimve m'makutu mokha, ndinaimva m'chifuwa ndi m'mano. Nditangoipitirira minibasi ndinakhotetsa handulo kubwerera kumanzere, tayala lakutsogolo n'kugwera paja tala anadyeka ndi mvula, pali kaphompho kofika m'kakolo. Njinga inapendama, ndinaponda pansi. Thiraki ya mafuta inadutsa vuu, mphepo yake n'kundikoka shati. Matayala ake ndinawaona limodzilimodzi, akudutsa pafupi ndi bondo la mwana wanga posakwana mkono.

Mayi wina wa tomato anakuwa, "Mayo ine, mwana!" Bambo wina wachikulire wa kabaza, amene anali pa siteji, anathamanga n'kugwira kaliyala.

"Aphunzitsi, tsikani kaye. Khalani pansi pang'ono."

Ndinawayankha kuti palibe chachitika, zikomo. Ndinakwera n'kupalasa.

Mchere

Ndinadzazindikira ndili pakhomo. Kuchokera pa malo paja kufika kwathu pamatenga mphindi ngati 15. Umadutsa golosale imene ndimagulako tsiku ndi tsiku, umadutsa chigayo, tchalitchi, kamlatho. Mpaka lero palibe chimodzi mwa zimenezi chimene ndikukumbukira kuti ndinachidutsa tsiku limenelo.

"Abambo, mchere uja?"

Ndinawayang'ana mayi a kunyumba kakasi. Mawu akuti mchere ndinawamva, koma m'mutu munalibe pamene anakakhudza.

Nditakhala pa mpando, mwana uja anabwera ndi madzi oti ndisambe m'manja. Jagi inamupulumuka, madzi n'kukhutukira pa makope a ana a Fomu 4 amene ndinali nditawaika pansi. Ndinamukalipira. Mawu ake sindiwalemba pano. Anali mawu osayenera mwana, ndiponso anatuluka ndi mphamvu yoposa kulakwa kwake kutalitali. Iye sanalire. Anangoima chilili, manja ali lende.

"Kodi lero mwatani?" anafunsa mayi ake kuchokera kukhitchini.

Anayankha ndi mwanayo, ndi kamawu kapansipansi. "Thiraki imafuna kutiponda."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti kuyambira pa minibasi paja mpaka pakhomo sindinamuyankhule liwu ngakhale limodzi. Sindinamufunse ngati wapweteka. Sindinacheuke n'komwe. Manja amene anapulumutsa jagi aja anali akunjenjemerabe ngati anga, ine osaona.

M'mawa mwake ndikutulutsa njinga anati, "Ababa, ine ndipita wapansi ndi anzanga." Masabata atatu athunthu sanakwerenso.

Thiraki ija ndingathe kuiiwala. Chimene chimandidzutsa usiku ndi theka la ola lotsatiralo, pamene mwana wanga ankafuna bambo ake, bambo akewo ali pomwepo koma kulibe.

Mlonda wa m'mutu

Ndimaphunzitsa Biology. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula impso pa bolodi, pamwamba pake n'kuikapo kachipewa kaja, n'kulemba adrenal gland, ana n'kumakopera. Chitsanzo changa nthawi zonse chinali cha munthu wokumana ndi njoka kumunda. Sindinaganizepo kuti ine ndimakumana nazo kawiri pa tsiku, popita ndi pobwera, ndipo zanga zimadzera kumbuyo.

M'kati mwa ubongo, chakufupi ndi makutu, muli tiziwalo tiwiri tating'ono, kena kumanja kena kumanzere, totchedwa amygdala. Ine m'kalasi ndayamba kumangoti mlonda. Mlonda ameneyu sadikira kuti uganize. Phokoso likabwera modzidzimutsa, iye amakhala ataliza kale lipenga iwe usanadziwe kuti chalira n'chiyani. Uthenga umatsika mpaka ku tizipewa ta pa impso tija, timadzi tochangamutsa thupi totchedwa adrenaline n'kukhuthukira m'magazi. Mtima umathamanga, mpweya umakwera, chiwindi chimatulutsa shuga, magazi amathamangira ku minofu, m'kamwa n'kuuma gwa. Changu chimenechi ndicho chinakhotetsa handulo tsiku lija. Ndikanati ndiyambe ndaganiza, bwenzi nkhani ino akulemba wina.

Koma mlonda akadzuka sagona msanga. Pambuyo pa adrenaline pamabwera timadzi tina totchedwa cortisol, timene timafika pachimake patatha mphindi 20 kapena 30, ndipo timatsika pang'onopang'ono. Mphindi 30 kuchokera pa minibasi paja, ine ndinali pa mpando, mwana akubwera ndi jagi. Ndiponso mbali ya ubongo ya kuseri kwa mphumi, imene imasunga tinthu ngati "ugule mchere", yomweyonso imene imagwira lilime kuti lisathawe, imafooka thupi likakhala pa nkhondo chotere. Mchere ndi kuleza mtima zinatayikira pa malo amodzi.

Sindikunena izi kuti ndidziyeretse. Ndinalakwa, ndipo ndinamupepesa mwanayo pamaso pa mayi ake. Ndikunena chifukwa nditayamba kulingalira, ndinaona kuti Lachinayi lija silinali lachilendo. Linangokula. Masiku ena onse ndimafika kunyumba ndi kachidutswa kake.

Lolemba lotsatira ndinayesa kuwerenga kuti pa ulendo umodzi ndimadzidzimuka kangati: kucheuka mwadzidzidzi, kufinya mabuleki, kukweza mapewa hutala ikalira, kugwira mpweya njinga yamoto ikandipitirira kumanzere kumene sindimaiyembekezera. Nditadutsa 20 ndinasiya kuwerenga, ndisanatuluke n'komwe m'tauni. Chonsecho limenelo linali tsiku labwino, loti akandifunsa ndikanati ndayenda bwino.

Usiku wake ndinafufuza pa foni, n'kupeza kuti ku Mannheim, m'dziko la Germany, akatswiri ena anachita kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2011. Ankalowetsa anthu m'makina ojambula ubongo, n'kuwapatsa masamu oti awerengere mothamanga kwinaku akuwadzudzula kuti akulephera. Amene ankakhala m'mizinda ya anthu oposa 100,000, mlonda wawo ankayaka kwambiri. A kumudzi ankayaka pang'ono. A m'matauni a anthu opitirira 10,000 anali pakatikati. Ofufuzawo ankaganizira kwambiri za kupanikizika kwa kukhala pakati pa chikhamu cha anthu, osati msewu pawokha. Komabe pamene ndinaona gulu lapakatilo ndinaima. Ife timati mavuto a m'tauni ndi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kuno n'kumudzi. Koma boma lathuli lili m'gulu limenelo, ndipo katundu yense woyenda pakati pa mizinda iwiriyo pa M1 amadutsa pamphuno pathu.

Timapalasa ndi makutu

Patapita masiku ndinabwerera pa siteji paja kukathokoza bambo aja anagwira kaliyala. Ndinawapeza akupopa tayala. Tsitsi lawo lachita imvi, ndipo pa kaliyala anamangapo khushoni yofiira yothethekatheka.

"Mwana uja ali bwanji, aphunzitsi?" Limenelo ndilo linali funso lawo loyamba.

Ndinawauza zonse, za mchere ndi za jagi zomwe. Sanadabwe.

"N'chifukwa chake ndimati mukhale pansi. Ine zikandichitikira zotere sindinyamula munthu wina. Ndimaimika njinga, ndikhale pa mwala apo mpaka manjawa atasiya. Ukanyamula munthu uli choncho, kutsogoloko ukamugwetsa, kapena ukakangana naye pa za chenji."

Ndinawafunsa ngati miyendo siwawawa, poti apalasa zaka zambiri pa zitunda za kuno. Anaseka pang'ono n'kudzigwira kumbuyo kwa khosi.

"Miyendo inazolowera kale. Chimatopa ndi ichi. Ife timapalasa ndi makutu, achimwene. Maso ali kutsogolo koma munthu yense ali kumbuyo. Thiraki ndimaidziwa ndisanaione kuti yanyamula kapena ilibe kanthu, ndiponso kuti woyendetsayo andipatsa mpata kapena ayi. Tsiku lonse zimenezo. Ndikafika kunyumba sindifuna wailesi. Adzukulu akamasewera ndimangofuna atakhala chete, chonsecho sanalakwe. Anzathu ena amayamba adzera kumowa, amati akaziziritse mutu."

Bambo amenewa sanalowepo m'kalasi ya Biology, koma anandifotokozera mutu wonse umene ine ndimaphunzitsa, ndipo anaufotokoza kuchokera m'thupi mwawo. Timawanena a kabaza kuti ndi amwano, sachedwa kupsa mtima. Ndani wa ife amene angakhale kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa msana ataulozetsa ku mathiraki, n'kumafika madzulo ali wofatsa?

Komanso msewu womwewo unawapatsa china. Ku London, mu 2000, Eleanor Maguire ndi anzake anajambula ubongo wa oyendetsa matakisi, amene amaloweza misewu ya mzindawo pamtima asanapatsidwe chilolezo. Anapeza kuti mbali ya kumbuyo ya hippocampus, chiwalo chosunga mapu a malo, inali yokulirapo kuposa ya anthu ena, ndipo inkakulirakulira malinga ndi zaka zimene munthu wagwira ntchitoyo. Ndikawayang'ana bambo aja ndimaona zomwezo. Amadziwa kanjira kalikonse, nyumba imene ili ndi galu wolusa, pamene pamaterera mvula ikagwa. Nditawauza kumene ndimakhala anatola kamtengo n'kujambula pansi.

"Bwanji mumavutika ndi tala? Mukafika pa mjigo apa mukhotere kumunsi, mudzere kumadimba. Mukatulukira kuseri kwa tchalitchi chanu chija. Msewu mungouwoloka kamodzi basi."

Zaka zonsezi ndakhala pa boma pano, njira imeneyo sindinkaidziwa.

Njira ya kumadimba

Ndi yotalikirapo, imandidyera mphindi 10 zoonjezera. Ili ndi mavuto ake. Pali mchenga pamene umatsika n'kukankha, pali minga, ndipo dzinja likafika ndikudziwa kuti kukhala matope. Koma zonsezi zili kutsogolo, umaziona zikubwera, umasankha wekha chochita. Palibe chimene chimakudzera kumbuyo ndi liwiro.

Sabata yoyamba ndinkacheukabe. Khosi linkatembenuka lokha, kumbuyo kulibe kanthu koma nthochi ndi mabango. Sabata yachiwiri ndinadzidzimuka nditamva kuti ndikuimba nyimbo ya kwaya chapansipansi. Ndinayamba kuona zinthu: mayi wothirira mpiru ndi khasu lili pambali, ana osaka mbewa pamene awotcha, mapiri akusintha mtundu dzuwa likamapendeka. Ndinayambanso kupatsa anthu moni, moni weniweni woima n'kufunsa za kunyumba. Pa tala moni ndi wa chibwano chokha, chifukwa dzanja sungalichotse pa handulo.

Akatswiri awiri a ku yunivesite ya Michigan, Rachel ndi Stephen Kaplan, anafotokoza kalekale kuti tcheru chili pawiri. Pali tcheru chokakamiza, chimene umachigwira ndi mphamvu, monga powerengera masamu kapena poyenda pakati pa magalimoto. Chimenechi chimatha ngati madzi a mu ndowa. Ndiye pali tcheru chobwera chokha, pamene maso angokopeka ndi madzi oyenda kapena masamba ogwedezeka, ndipo nthawi imeneyo ndowa ija imadzadzanso. Mu 2008, pa yunivesite yomweyo, anayesa ophunzira powauza manambala kuti awabwereze chobwerera m'mbuyo, kenako n'kuwatumiza kukayenda pafupifupi ola, ulendo wina m'munda wa mitengo, ulendo wina m'misewu ya pakati pa tauni ya Ann Arbor. Pobwera ku mitengo ankakhoza bwino kuposa pobwera m'tauni. Miyendo inayenda mofanana, chinasiyana ndi chimene mutu unkachita poyendapo.

Ku Edinburgh, ku Scotland, anachita kuwaveka anthu 12 zipangizo kumutu zoyeza magetsi a mu ubongo akuyenda, ulendo wa mphindi 25 wodutsa msewu wa masitolo, kenako malo a udzu ndi mitengo, kenako msewu wa piringupiringu. Polowa pa mitengo paja zizindikiro za kukhumudwa ndi kukhala chire zinkatsika, potuluka tcheru n'kukweranso. Anthu 12 ndi ochepa, ndipo ine monga mphunzitsi wa sayansi sindingamange nyumba pa maziko otero okha. Koma pamene zipangizo zawo zinkasintha ndipamene mapewa anga amatsika ndikangokhota pa mjigo paja.

Ana a piriyodi yoyamba

Apa m'pamene nkhaniyi inandilowera m'kalasi. Tili ndi ana ambiri amene amapalasa kapena kuyenda m'mbali mwa M1 kuchokera kutali, ena atakwezana awiri njinga imodzi, m'mawa nthawi imene mabasi ndi mathiraki ali pa liwiro ndipo nkhungu ili mbuu. Amafika belu litalira kale, amakhala pansi, maso ali pa bolodi koma ukawafunsa chimene wangonena kumene amangoti tuzu. Ine ndinkati ndi ulesi. Ndikawachitira chifundo ndinkati ndi njala, ndipo njalayo ilipodi, sindikuichepetsa.

Tsiku lina ndinamuitana mtsikana wina wa Fomu 2, wanzeru zake koma wa zii m'mawa uliwonse. Ndinamufunsa kuti pobwera amaganiza chiyani. Anati, "Sala, palibe chimene ndimaganiza. Ndimangomvetsera kumbuyo." Mawu ake anali omwe aja a bambo a kabaza, chonsecho sadziwana.

Mwana ameneyu amalowa m'kalasi ndowa yake itatha kale theka, ndiye ine ndimamulandira ndi funso lovuta kapena ndi chilango cha kuchedwa. Panopa ndikakhala ndi piriyodi yoyamba sindiyamba ndi zatsopano. Mphindi zoyamba timabwereza za dzulo modekha, mawindo ali otsegula. Ochedwa ndimawalozera pokhala ndi dzanja, zofunsana timakambirana pa buleki. Ndi zochepa, koma ndi zimene zili m'manja mwanga.

Zolowa m'makutu ndi m'mphuno

Phokoso timati tinalizolowera: mahutala, mabuleki a mpweya, zokuzira mawu za m'mashopu zolimbana. Khutu lilibe chikope, silitseka ngakhale uli m'tulo. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a ku Ulaya a mu 2018, linati phokoso la magalimoto lisamapitirire ma decibel (muyeso wa phokoso) 53 potengera tsiku lonse, ndipo usiku 45, chifukwa kupitirira apo limasokoneza tulo ndiponso limakhudza mtima. Ma decibel 53 ndi phokoso lochepa poyerekeza ndi la anthu awiri ocheza. Ganizirani mabanja amene zipinda zawo zogona zayang'ana ku tala.

Utsi nawo suthera m'mapapo. Mu 2016 gulu la Barbara Maher wa ku Lancaster linapeza tinthu tating'onoting'ono ta chitsulo, tofanana ndi totuluka m'mainjini ndi m'mabuleki, m'kati mwa ubongo wa anthu amene ankakhala ku Mexico City ndi ku Manchester. Wopalasa pa chitunda amapuma mozama kuposa wina aliyense pa msewu, ndipo nthawi zambiri amakhala ali kumbuyo kwa thiraki imene ikukwera ndi utsi wakuda bii. Sindikuti tisiye njinga. Kupalasa n'kwabwino ku mtima ndi ku ubongo womwewo, ndipo ambiri a ife tilibe china chokwera. Ndikungoti njinga imodzimodziyo ikhoza kukupatsa mphamvu kapena kukulanda, malinga ndi pamene tayala likuponda.

Msewu wa odutsa

Woyendetsa thiraki ija sindimuda. Poyamba ndinkamuda, koma ndinadzaganiza kuti nayenso mlonda wake analiza lipenga pamene njinga ya mwana pambuyo inatulukira kuseri kwa minibasi, iye ali ndi malita zikwizikwi a mafuta kumsana, chinthu chosaima pamene waponda buleki. Mwina nayenso anafika kumene ankapita manja akunjenjemera. Ine ndinalakwa kulowa m'kati. Wa minibasi anaima pomwe anapeza okwera. Amayi a kabichi anayala pomwe ogula amaima. Aliyense ankasaka chakudya cha ana ake, pa kamzere kamodzi ka tala kamene kanamangidwa poganizira munthu wochokera ku Blantyre wofuna kukafika ku Lilongwe msanga.

Kwa ifeyo kamzere kameneka ndi msika, ndi njira ya kusukulu, ya kuchipatala, ya kumaliro. N'chimodzimodzi pa Lizulu, pa Kampepuza, pa mphambano ya Tsangano. Tikamakamba za ngozi timawerenga akufa, ndipo n'koyenera, poti WHO inati mu lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Koma mwana amene wafika kusukulu wamoyo mutu uli zii salowa m'buku lililonse. Bambo amene wakalipira mwana wake chifukwa cha hutala ya theka la ola lapitalo salowanso.

Zofunikazo si zodabwitsa. Mu 2020 maiko atakumana ku Stockholm anagwirizana kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Pa liwiro limenelo woyendetsa amaona nkhope za anthu, ndipo hutala safunika kuiliza ngati akuthamangitsa ng'ombe. Onjezanipo m'mphepete mwa msewu mokonzedwa bwino moti njinga iyendemo popanda kaphompho, malo oti minibasi iziima itachokeratu pa tala, ndi pogulitsira pabwino chakumbuyo pang'ono, osati kuwathamangitsa amayi aja ndi zikwapu. Ndiponso mitengo. Ndikanakonda kuona mzere wa mitengo pakati pa tala ndi oyenda pansi kuyambira polowa boma mpaka potuluka, ngakhale itakhala ya mango. Tinjira ngati ta kumadimba tija tisamatsekedwe ndi mipanda anthu akamagula mapuloti, chifukwa kamodzi kakatsekedwa, ana onse a mbali imeneyo abwerera ku tala.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhani ya mahampu ndi pokwerera minibasi ndinaitula pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo amfumu amene analipo anati aitengera ku komiti ya chitukuko. Bambo a kabaza aja ndawapempha kuti tsiku limene idzakambidwe adzayankhule okha.

Powoloka

Mwana wanga anayambiranso kukwera sabata yachinayi. Sindinamukakamize. Ndinangomuuza kuti ndapeza njira ina yodutsa pamene pali abakha, akafuna adzaone. Loweruka lina anati tiyeni.

Ku madimba kuja amayankhula osapuma. Amandiuza za mnzake amene anamubera pensulo, za aphunzitsi awo amene ali ndi pakati, amafunsa chifukwa chimene nthochi ilibe nthanga. Manja amawaika pa mawondo ake, nthawi zina amatambasula ngati mbalame. Zaka zitatu ndakhala ndikumunyamula pa tala, ndinkati ndi mwana wosakonda kuyankhula.

Koma msewu uja timauwolokabe kamodzi. Tikamayandikira, phokoso likayamba kumveka kuseri kwa nyumba, nkhani imaduka pakati pa chiganizo. Ndimamva timanja tiwiri tikugwira shati yanga m'mbali, n'kufinya. Pamenepo ndimatsika, nayenso amatsika, ndimagwira njinga ndi dzanja limodzi, lina ndimagwira iye. Timaima kutali ndi tala, kuseri kwa ngalande.

Dzulo tinadikira mathiraki atatu ndi basi imodzi. Iye ankawerenga chapansipansi. Titawoloka tinayenda pansi mpaka pa golosale, ndinagula sopo ndi machesi zimene mayi ake anandituma, ndinamukweza. Tinapalasa mwakachetechete kudutsa chigayo. Tikufika pa kamlatho, manja aja anamasuka.

"Ababa, ndiye pensulo ija anaibisa mu sokosi."